Ndinati njinga sithawa

Kiyi uja ndikadali naye. Amakhala m'chitini cha manati ndi mabawuti pa benchi yanga ku Zingwangwa. Loko wake anachita dzimbiri n'kutayika kalekale, koma kiyiyo ndimamukhudza tsiku lililonse ndikapisa dzanja kufuna nati, ndipo sindimutaya.

Ine ndimakonza njinga za kapalasa ndi kugulitsa masipeyala. Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi malemu bambo anga ndili ndi zaka 12, moti mpaka lero wilo lokhota ndimayamba kulimva ndi khutu ndisanalione ndi maso. Ndanena zimenezi kuti mudziwe kuti amene anachita zomwe ndikufuna kukuuzanizi sanali mlendo pa njinga.

Fulemu ya pa kaunjika

Mwana wa achemwali anga anabwera kudzakhala nane ku Chilobwe mu 2014, atasankhidwa kupita fomu 1. Kwathu ndi ku Chikwawa, ndipo ife Amang'anja mukutidziwa: mwana wa mlongo wako ndi wako. Akadwala ndiwe, akalakwa ndiwe, fizi ndiwe. Mnyamatayu anabadwa mu 2000. Chaka chimenechi muchisunge.

Anali wosayankhulayankhula. Akaweruka kusukulu ankabwera pa benchi kudzamata machubu, ine n'kumamugawirako kangachepe. Kuti akusunga sindinkadziwa. Tsiku lina anatulukira atakoleka paphewa fulemu ya njinga ya mpikisano, yogula pa mulu wa njinga za kaunjika ku Limbe. Inalibe mawilo, inalibe tcheni, koma inali yopepuka moti unkaitukula ndi zala ziwiri. Handulo yake inali yopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo. Anzanga pamsika anamufunsa kuti njinga yopanda keliyala adzanyamulirapo chiyani. Iye anangomwetulira.

Inamutengera pafupifupi chaka kuti iyende. Matayala opyapyala aja sankapezeka wamba, ndiye lina likang'ambika ankalisoka ndi ulusi wa nsapato n'kuika chigamba mkati. Mawilo tinamanga limodzi. Ndinkamuuza kuti azikhwatula sipoko iliyonse ndi chala ngati akuimba bangwe, amve ngati zonse zikulira mofanana. Pasanathe miyezi iwiri khutu lake linaposa langa.

Loweruka lililonse tambala woyamba akalira ndinkamva chitseko chikutsekuka. Ndinkangoti amazungulira m'tauni momwemuno.

Pokwera kuchokera pa Thabwa

Chakumayambiriro kwa 2018 ndinapita kumaliro kumudzi, ndipo ndinabwerera Loweruka m'mawa pa minibasi. Amene mumayenda msewu wa Chikwawa mukudziwa kuti mukangowoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, phiri limakuyambani. Kuchoka kuchigwa kudzafika m'Blantyre mumakwera mamita oposa 800, ndipo mtunda wosautsa uli m'makona oyambirirawo. Minibasi yathu inali yodzaza thothotho, katundu mpaka pamiyendo, ikulira pa giya yoyamba. M'mphepete mwa msewu anthu a makala ankakankha njinga zawo, matumba atatuatatu, mutu uli pansi, thukuta lili kamukamu.

Mayi wina wa kumpando wakumbuyo ndiye anayamba kumuona. "Taonani uyo! Akutithamangitsa!" Tonse tinacheuka. Kumbuyoko kunali munthu pa njinga, ataimirira pa mapedulo, njingayo ikupendama uku ndi uku pansi pake. Anatipeza. Anafika pa windo langa lenileni. Choyamba ndinaona botolo la madzi lomangidwa ndi lekeni pa fulemu. Kenako nsapato zakusukulu zimene ndinagula ndine. Kenako nkhope.

Iye sanandione. Maso anali pa phula, kukamwa kuli yasa, koma miyendo inkazungulira mosalala ngati wilo lomangidwa bwino. Sankalimbana ndi phirilo ngati mmene timachitira enafe, kukakamiza ndi msana ndi mano omwe. Ankalidziwa. Asanafike pa kona ankasintha giya, akatuluka n'kukhala pansi, n'kupuma, n'kudzukanso.

Anatipitirira. M'minibasi munaphulika phokoso: anyamata malikhweru, amayi nthungululu, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho uku akukuwa kuti ameneyu si munthu koma injini. Agogo ena amene anakhala pafupi nane anafunsa kuti, "Kodi ndi mwana wa yani ameneyu?" Mawu anali atafika kale pakhosi. Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndi wanga.

Ndiye pa kona yotsatira panatulukira lole yotsika, itadya mbali yathu. Ndinamuona akukhotera kumphepete, tayala lakumbuyo likutsetsereka pa timiyala, phazi limodzi litachoka pa pedulo. Kuseri kwa timiyalato kunali phompho. Anaigwira njinga, n'kubwerera pa phula, n'kupitiriza osacheuka n'komwe. Anthu anayambiranso kukuwa. Ine ndinali nditachoka kumanda dzulo lake, dothi likadali m'nsapato, ndipo chimene chinandibwerera m'maso ndi ine nditaima pakhomo pa achemwali anga ndikuwauza kuti mwana amene anandipatsa kuti ndimuphunzitse ndamubweretsa m'bokosi.

Madzulo a tsiku limenelo ndinatenga tcheni ndi loko n'kumangirira njinga ija ku nsanamira ya pakhonde. Iye anabwera n'kunjuta pafupi nane.

"Amalume, ndalakwa chiyani?"

"Sunalakwe. Mayeso a fomu 4 ayandikira. Uyambe walemba."

"Koma amalume, chaka chino ndi chomaliza kuti ndipikisane ndi a msinkhu wanga. Chaka chamawa adzandiika ndi akuluakulu."

"Njinga sithawa," ndinatero. "Udzaipeza pompano."

Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chabwino amalume." Ndi mwana woleredwa bwino. Sanaibwerezenso nkhaniyo.

Mayeso anakhoza, koma osati mofika nazo ku yunivesite. Chaka chomwecho mayi ake anadwala nthawi yaitali. Njinga ija tinagulitsa kuti tiwonjezere pa ndalama yopezera njinga yamoto ya kabaza. Loko ndinatsekula ndekha, tsiku limene wogula anabwera.

Lolemba la chiperoni

Pa 1 Julayi 2024 kunja kunali chiperoni, ndipo ndinali ndikulongedza zida kuti ndizipita. Mwana wa achemwali anga uja anaimika njinga yamoto pafupi ndi benchi, helemeti ili kumutu, n'kunditambasulira foni. "Amalume, taonani izi."

Unali mpikisano wa Tour de France, tsiku lachitatu, makilomita 230 kuchoka ku Piacenza kukafika ku Turin, chifukwa chaka chimenecho unayambira ku Italy. Chigulu cha njinga chinkabwera ngati Mudi atadzaza. Kumphepete kwenikweni, pafupi ndi zitsulo zotchingira anthu, mnyamata wakuda anapeza kampata n'kulowapo, ndipo palibe anamupezanso. Anali Biniam Girmay wa ku Eritrea, munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana tsiku mu mpikisano umene unayamba mu 1903.

Ndinakuwa moti amayi ogulitsa tomato anacheuka. Kenako chimwemwe chija chinandisanduka chinthu cholemera pachifuwa, ndipo pofuna kuchipeputsa ndinati, "Paja iwe unkafuna kukhala ngati ameneyu."

"Ayi amalume."

Anabweza kanemayo m'mbuyo ndi chala, kufika pamene kunatsala makilomita angapo. Anandilozera anthu ena amene ine sindinawaone n'komwe. Anali kutsogolo kwa chigulu, atawerama, akung'amba mphepo. Mmodzi akakoka mpaka mphamvu kutha, ankapatukira pambali, mutu uli pansi, chigulu chonse n'kumudutsa ngati waima. Pofika pa mzere womaliza kamera inali itamuiwala kalekale.

"Ine ndinkafuna kukhala uyu."

Tinakhala pa benchipo mpaka mdima, iye akuyankhula kuposa mmene anayankhulirapo zaka zonse zimene anakhala m'nyumba mwanga. Anandiuza kuti mdani wamkulu wa wopalasa si phiri koma mphepo, ndipo munthu akabisala kumbuyo kwa mnzake amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. N'chifukwa chake timu imalowa mu Tour de France ndi anthu 8, koma wofuna chikho amakhala mmodzi kapena awiri. Enawo amawatcha domestique, mawu a Chifalansa otanthauza wantchito wa m'nyumba. Iwo ndiwo amatchinga mphepo tsiku lonse. Amatsalira m'mbuyo kukatenga mabotolo a madzi ku galimoto ya timu, n'kuwalonga m'malaya mpaka msana kutukumuka, n'kuthamangiranso kutsogolo kukagawira anzawo. Mtsogoleri tayala likamuphwera amamupatsa wilo lawo, ngakhale njinga yomwe, iwo n'kutsala pamsewu kudikira. Amachita zimenezi masiku 21, ndipo alipo amene amapuma pa ntchitoyi asanapambanepo mpikisano ngakhale umodzi. Koma mwezi ukatha amalandira. M'matimu apamwamba pali lamulo loika malipiro ochepetsetsa amene munthu ayenera kulandira pachaka.

"Imeneyi ndi ntchito ngati yanuyi, amalume. Ine chikho sindinkachilota. Liwiro la pomaliza ndinalibe, ndinkadziwa. Koma kukoka ndinkatha. Loweruka tikamabwerera, kuyambira pa Mpemba anzanga onse ankabisala kumbuyo kwanga."

Apa ndi pamene panandipweteka. Zaka zonsezi ndinkadzilimbitsa mtima kuti ndinamupulumutsa ku juga, masewera amene mmodzi amadya ena onse n'kubwerera manja ali m'khosi. Ndinkaganiza kuti ndinaletsa maloto a mwana. Koma mwanayo sankalota. Anali atadziyesa yekha, atadziwa chimene angathe ndi chimene sangathe, atasankha malo ake m'gulu ngati mmene mmisiri amasankhira ntchito ya manja ake. Ine tsiku limenelo sindinamufunse funso ngakhale limodzi.

Chaka chija ndinati musunge

Girmay anabadwa mu Epulo 2000 ku Asmara. Iye ndi mwana wa achemwali anga ndi a chaka chimodzi.

Mu Febuluwale 2018, nyengo yomweyo imene ine ndinkamanga tcheni ku nsanamira, Girmay anali ku Kigali pa mpikisano wa Africa yense, ndipo anatenga mendulo zitatu zagolide m'gulu la anyamata. Chaka chomwecho anapita ku Aigle m'dziko la Switzerland, kumene bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse la UCI lili ndi malo ophunzitsira achinyamata ochokera m'mayiko osauka zipangizo. Mu 2019, ali ndi zaka 18, anapambana tsiku limodzi mu mpikisano wa La Tropicale Amissa Bongo ku Gabon, pakati pa akuluakulu. Mu 2020 anasaina ndi timu ya ku France. Mu 2021 anakhala wachiwiri padziko lonse mwa osakwana zaka 23. Mu Malichi 2022 anapambana Gent-Wevelgem ku Belgium, ndipo mu Meyi anapambana tsiku mu Giro d'Italia, ngakhale kuti pokondwerera chotsekera botolo la vinyo chinamuphulikira m'diso, moti sanapitirize mpikisanowo. Mu Tour ya 2024 ija anapambana masiku atatu n'kupita kwawo ndi jezi yobiriwira ya wopeza mapointi ambiri.

Sindikunena kuti wathuyu akanakhala Girmay. Kunena choncho kungakhale kunamiza iye ndi ine ndemwe. Ku Eritrea njinga inazika mizu kuyambira nthawi ya atsamunda a ku Italy, mipikisano imachitika pafupipafupi m'misewu ya mu Asmara anthu atadzaza, ndipo mzindawo uli pamwamba mamita oposa 2,300, kumene mapapo a mwana amakulira mu mpweya wochepa. Ife kuno njinga timaidziwa ngati bulu wa makala ndi nkhuni.

Chimene ndikunena ndi cha makwerero. Ntchito imeneyi ili ndi makwerero ake, ndipo amayendera zaka zakubadwa. Wa zaka 17 ndi 18 amapikisana ndi anyamata anzake. Kuyambira 19 mpaka 22 pali gulu lina. Apa ndi pamene matimu amaponya maso. Pamwamba penipeni pali matimu 18 okha, iliyonse yosapitirira anthu 30, ndiye muwerengere nokha kuchepa kwa mipando imene dziko lonse likulimbirana. Munthu akafika zaka 24 osaonedwa ndi aliyense, chitseko chimakhala chitatsala kampata kakang'ono kwambiri. Mwana uja atanjuta pakhonde anandiuza zimenezi m'mawu ake, kuti chaka chino ndi chomaliza. Ine ndinamva ngati kuchenjera kwa mwana wofuna kuthawa mabuku.

Ndipo ine ndine ndimayenera kumvetsa kuposa wina aliyense. Bambo anga ankakonda kunena kuti m'mera mpoyamba, ndipo ankanena za manja. Anyamata amene amabwera kudzaphunzira pa benchi yanga ali ndi ndevu kale amaphunzira ndithu kumata ndi kusintha tcheni, koma khutu la wilo salipeza. Ndinkadziwa zimenezi pa ntchito yanga. Pa ntchito yake ndinakana kudziwa.

Mantha anga sanali abodza

Pali amene akawerenga izi anene kuti amalume amenewa anali ankhanza. Sindivomera. Lole ija inalipo ndithu, phompho lija lilipobe. Mu Juni 2023 Gino Mäder wa ku Switzerland anagwa potsika phiri mu mpikisano wa Tour de Suisse n'kumwalira ali ndi zaka 26, pamsewu wotsekedwa, helemeti ili kumutu, madokotala ali pafupi. Wathuyu analibe chilichonse mwa zimenezi. Anali ndi nsapato zakusukulu ndi tayala losoka.

Ndipo ntchitoyi ngakhale waipeza, siikhalitsa. Makontirakiti ambiri ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri. Daniel Teklehaimanot, mnzake wa Girmay wa ku Eritrea komweko, anavala jezi ya madonthomadontho ya katswiri wa mapiri mu Tour ya 2015, Africa yense n'kumuimbira m'manja, koma patangopita zaka zochepa analibenso timu ku Ulaya. Timu imene inamutengera ku Tour imeneyo, MTN-Qhubeka, yoyamba yolembetsedwa mu Africa kulowa mu Tour de France, inasinthasintha mayina mpaka inatha kumapeto kwa 2021 chifukwa chosowa woithandiza ndi ndalama. Ambiri akamafika zaka za m'ma 30 amakhala akufunafuna chochita china. Satifiketi ya fomu 4 si chinthu chopusa kwa munthu wotere.

Ndiye mantha sindidziimba nawo mlandu. Mlandu wanga ndi mawu aja. Ndikanatha kumuuza zoona, kuti ndakuona lero pa phiri, mtima wanga unaima, ndikuopa. Ndikanatha kumugulira helemeti, kumuuza kuti azipalasa Loweruka lokha mpaka alembe, kupita ndekha kukaonana ndi anzake opalasa nawo. Kuti ndinali m'minibasi ija anadzamva patatha zaka 6, pa benchi pomwe paja. M'malo mwa zonsezi ndinamuuza chinthu chimene ndinalibe nacho umboni, n'kuchikhoma ndi loko, chifukwa ndine malume ndipo mawu anga sabwezedwa.

Botolo

Mu Seputembala 2025 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Kigali, koyamba pa nthaka ya Africa. Tinaonera limodzi. Tadej Pogačar ndiye anapambana, koma ine maso anga anali pa anthu odzaza m'zitunda, nyumba zomata m'mapiri ngati ku Ndirande, ana akuthamanga m'mbali mwa njinga. Titatuluka anandiuza kuti pali kamnyamata ka zaka 15 ku Manase kamene kakhala kakumutsatira pa njinga yakale ya giya imodzi, ndipo sikatsalira. Anandipempha kuti ndikamangire mawilo. Ndinamanga, iye ndiye anamvetsera masipoko.

Mayi ake a mwanayo sakufuna. Akuti msewu ndi woopsa, sukulu ndiyo patsogolo. "Mukayankhule nawo ndinu, amalume. Inu akumverani. Komanso mantha awo mumawadziwa." Ndavomera, ndipita Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Za lole ija ndikawauza, za Mäder ndikawauza, za makwerero a zaka ndikawauzanso. Helemeti ndagula kale pa kaunjika, ndaiunika mkati ndi kunja ndi tochi kuti ndione ngati ilibe mng'alu. Pakadali pano mayiwo anangolola Loweruka limodzi lokha, kuti wamkulu akakhalepo, ndipo wamkuluyo ndinali ine.

Tinanyamuka kusanache. Ndinakwera kumbuyo kwa njinga yamoto, mabotolo awiri ali m'jumbo pamiyendo panga. Potsika tinamuyendetsa pang'onopang'ono, ife kutsogolo. Pa Thabwa tinatembenuka. Dzuwa linali litayamba kale kuwotcha, anthu a makala ali pamzere kukankha. Mwana wa achemwali anga ankayendetsa pambali pake, nthawi zina kumbuyo kuti atchinge magalimoto, akumuuza motsitsa mawu kuti sintha giya tsopano, khala pansi, usayang'ane pamwamba. Pa kona ija sindinanene kanthu, koma ndinamva dzanja langa likufinya malaya ake, ndipo iye anachepetsa moto n'kulowa pakati pa mwanayo ndi msewu.

Titapitirira pang'ono mwana uja anatukula dzanja osacheuka. Ndinatulutsa botolo mwachangu, n'kufuna kumukankhira m'manja.

"Musamukankhire, amalume, mumugwetsa. Ingogwirani kumunsi, mutambasule dzanja. Atenga yekha."

Ndinatambasula dzanja. Njinga yamoto inasendera kufupi, mpaka ndinamva kupuma kwake ndi kulira kwa tcheni. Zala zake zonyowa zinakhudza zanga, botolo n'kuchoka.